Zimene matepi anasunga: mbiri ya anthu oyambirira a transgender ku America

Mu Januwale 1989, mtolankhani wachinyamata dzina lake Eric Marcus analowa m'nyumba ina m'tauni ya Hoboken, kutsidya kwa mtsinje wa Hudson moyang'anizana ndi New York, atanyamula makina ojambulira mawu ndi makaseti. Anapita kukacheza ndi Randy Wicker, mmodzi mwa akale pa ntchito yomenyera ufulu wa amuna ndi akazi okondana okhaokha, koma m'nyumbamo munkakhalanso Marsha P. Johnson, amene lero amakumbukiridwa monga mmodzi mwa oyambirira kumenyera ufulu wa anthu a transgender, ndipo naye analowerera pa machezawo. Atafika pa nkhani ya chipolowe cholimbana ndi apolisi chimene chinabuka usiku wothera pa 28 Juni 1969 pa Stonewall Inn, bala ya amuna ndi akazi okondana okhaokha ku New York, Marsha ananena mosabisa kuti chipolowecho chinayamba iye ali kumtunda kwa mzinda, ndipo kuti anafika pamalopo cha m'ma 2 koloko usiku, moto utayaka kale m'balamo. Masiku ano pa intaneti pawanda nkhani yoti Marsha ndiye anaponya njerwa yoyamba usiku umenewo, koma mwiniwake, ndi pakamwa pake, ananena zosiyana.

Ndayambira pamenepa chifukwa nkhani ya anthu a transgender yakhala ikusimbidwa ndi ena kwa nthawi yaitali, odana nawo ngakhalenso owakonda, ndipo matepi ndiwo malo amene eni ake anayankhulapo okha. Mawu akuti transgender alibe liwu lokhazikika m'Chichewa. Amanena za munthu amene atabadwa anamulemba kuti ndi mwamuna kapena mkazi potengera thupi lake, koma iye mumtima mwake amadzidziwa kuti ndi wa mbali inayo, ndipo nthawi zambiri amafuna kukhala moyo wake wonse motero, pa dzina, pa kavalidwe, ndipo kwa ena pa thupi lenilenilo mothandizidwa ndi mankhwala a mahomoni kapena opaleshoni. Nkhaniyi ndi yosiyana ndi ya amene munthu amakopeka naye pa chikondi, ngakhale kuti apolisi ndi manyuzipepala akale ankaziika zonsezi m'dengu limodzi. Liwu lakuti transgender linafala kwenikweni m'zaka za m'ma 1990. Anthu amene ndikuwatchula pano ankadzitcha mayina ena, monga transvestite, transsexual kapena drag queen, ndipo amene amamvetsera matepi awo mosamala amayesetsa kusawaveka mayina atsopano amene iwo sanawagwiritse ntchito. Chichewa chimatipeputsira katundu pang'ono, popeza liwu lakuti "iye" silisankha mwamuna kapena mkazi, pomwe olemba m'Chingerezi amakakamizika kusankha, ndipo kusankhako nthawi zambiri kunkakhala chigamulo chotsutsa zimene munthuyo ankanena za iye mwini.

Kuti timvetse chifukwa chake mbiri yapakamwa ili yofunika chonchi, tiyenera kufunsa kuti ankalemba za anthuwa anali ndani. Mizinda yambiri ya ku America inali ndi malamulo oletsa munthu kuoneka pagulu atavala zovala zosakhala za chibadwa chake. Ku San Francisco lamulo lotere linakhazikitsidwa mu 1863 ndipo linakhalapo mpaka 1974. Choncho munthu wotere ankalowa m'mabuku a boma monga womangidwa. Lucy Hicks Anderson, mayi wakuda amene anali wophika wodziwika m'tauni ya Oxnard ku California, timamudziwa makamaka kudzera m'mlandu wa mu 1945, pamene khoti linamupeza wolakwa kuti analumbira monama polembetsa ukwati wake monga mkazi, pambuyo pokhala monga mkazi kwa zaka zambirimbiri pamaso pa tauni yonse. Kumene kunali zolembedwa zachifundo, nazonso sizinali zotetezeka. Mu 1919 dokotala Magnus Hirschfeld anatsegula ku Berlin malo ofufuzira nkhani zimenezi otchedwa Institut für Sexualwissenschaft, kumene anthu ngati Dora Richter ankathandizidwa ndiponso kupatsidwa ntchito. Pa 6 Meyi 1933 achinyamata otsatira chipani cha Nazi anathyola nyumbayo, ndipo patapita masiku anayi mabuku ndi zolembedwa zake zinawotchedwa pabwalo la Opernplatz.

Munthu woyamba wa transgender amene dzina lake linakhala m'kamwam'kamwa pafupifupi dziko lonse anali Christine Jorgensen. Anabadwira m'dera la Bronx ku New York mu 1926, analowa usilikali mu 1945, ndipo mu 1950 anapita ku Copenhagen ku Denmark, kumene dokotala wa mahomoni Christian Hamburger anayamba kumuthandiza. Dzina loti Christine analisankha polemekeza dokotalayo. Pa 1 Disembala 1952 nyuzipepala ya New York Daily News inalemba patsamba loyamba kuti msilikali wakale wasanduka chiphadzuwa, ndipo pamene anatsika ndege ku New York mu Febuluwale 1953 anapeza khamu la atolankhani likumudikira. Kuyambira tsiku limenelo sanathenso kupeza ntchito wamba yobisika, kotero anayamba kuimba ndi kusangalatsa anthu m'makalabu a usiku, kenako n'kumayendera mayunivesite kukayankhula ndi ophunzira.

Ena amakayikira ngati Jorgensen angatchedwe womenyera ufulu, popeza sanayambitse bungwe ndipo sankayenda m'misewu atanyamula zikwangwani. Ine ndikuona kuti ntchito yake inali yolemera mwa njira ina. Kwa zaka zoposa 30 anayankha mafunso amwano mofatsa, pa wailesi, pa kanema ndi m'maholo, mobwerezabwereza, mpaka anthu wamba anayamba kuona munthu pamene poyamba ankaona chodabwitsa. Macheza ake ndi Studs Terkel pa wailesi ya WFMT ku Chicago, okhudza buku la moyo wake limene linatuluka mu 1967, asungidwa mpaka lero, ndipo womvetsera amamva munthu wolingalira mozama amene mitu ya manyuzipepala sinamusonyeze. Chotsatira china cha kutchuka kwake chinali makalata. Hamburger analandira ochuluka kwambiri moti mu 1953 analemba lipoti la zachipatala lochokera pa makalata a anthu 465 opempha thandizo lomwelo, anthu amene ambiri mwa iwo ankaganiza kuti ali okhaokha pa dziko. Komabe kutchuka sikunamuteteze ku malamulo, chifukwa mu 1959 akuluakulu a ku New York anamukaniza chikalata cha ukwati poona kuti setifiketi yake yobadwira inkanena kuti ndi mwamuna. Tisaiwalenso kuti khomo limene linamutsegukira linali lopapatiza: anali mzungu, wochokera m'banja lokhazikika, wodziwa kuyankhula mwaulemu umene anthu a nthawi imeneyo ankayembekezera kwa mkazi. Ambiri analibe zimenezi.

Pambuyo pake nkhaniyi inagwera m'manja mwa madokotala. Harry Benjamin, dokotala wobadwira ku Germany amene ankagwira ntchito ku New York ndi ku San Francisco, anatulutsa buku lake lalikulu pa nkhaniyi mu 1966, ndipo chaka chomwecho chipatala cha yunivesite ya Johns Hopkins chinatsegula kiliniki yake mothandizidwa ndi ndalama za Reed Erickson, mwamuna wa transgender wolemera amene anayambitsa bungwe la Erickson Educational Foundation mu 1964. Makiliniki oterewa ankalandira anthu ochepa kwambiri, ndipo ankafuna kumva mbiri ya mtundu umodzi: kuti munthuyo anadzimva chonchi kuyambira ali mwana, kuti akadzasintha adzakopeka ndi a mbali inayo basi, ndiponso kuti adzazimirira m'gulu osauza aliyense. Wolemba wina wa transgender, Sandy Stone, anafotokoza m'nkhani yake imene inasindikizidwa mu 1991 kuti ofuna thandizo ankapatsirana buku la Benjamin n'kuphunzira mayankho amene madokotala ankafuna. Izi zikutanthauza kuti ngakhale mafayilo a kuchipatala, amene amaoneka ngati umboni wolimba, nthawi zambiri amasunga zimene munthu ananena kuti asabwezedwe pakhomo.

Amene analimbana ndi khomo limenelo maso ndi maso anali Lou Sullivan, wobadwira ku Milwaukee mu 1951, amene anasamukira ku San Francisco mu 1975. Iye anali mwamuna wa transgender wokopeka ndi amuna anzake, ndipo chifukwa chokana kubisa zimenezi, makiliniki a m'mayunivesite anamukana, ponena kuti munthu wotere kulibe. Analembera madokotala makalata osaleka, anayambitsa gulu lothandizana la amuna onga iye mu 1986, ndipo atapezeka ndi kachilombo ka HIV anavomera kuti dokotala wa maganizo Ira Pauly amujambule pa vidiyo akufotokoza moyo wake, kuti madokotala ena adzaphunzirepo. Anamwalira mu 1991 ali ndi zaka 39. Sullivan ankadziwa kufunika kosunga zinthu: anali mmodzi mwa oyambitsa bungwe losunga mbiri limene lero limatchedwa GLBT Historical Society mu 1985, ndipo mabuku amene ankalembamo za tsiku ndi tsiku kuyambira ali mwana anawasiya kumeneko.

M'nkhokwe ya bungwe lomwelo ndi mmene munatulukira nkhani imene, kwa ine, imasonyeza bwino koposa mphamvu ya umboni wapakamwa. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wa mbiri Susan Stryker, yemwenso ndi mkazi wa transgender, anapeza kapepala ka pulogalamu ya chionetsero cha amuna ndi akazi okondana okhaokha cha mu 1972 kotchula chipolowe chimene chinachitika mu Ogasiti 1966 pa malo odyera a Compton's Cafeteria, pamphambano ya misewu ya Turk ndi Taylor m'dera la Tenderloin ku San Francisco. Manyuzipepala akuluakulu a mumzindawo sanalembe za chipolowecho, ndipo zolemba za apolisi za nthawi imeneyo kulibenso, moti mpaka lero tsiku lake lenileni silidziwika. Stryker, pamodzi ndi Victor Silverman, anayamba kufunafuna anthu amene ankakhala m'deralo nthawi imeneyo. Anapeza Amanda St. Jaymes, amene analipo usikuwo, komanso Felicia Elizondo, Tamara Ching ndi ena, ndipo umboni wawo ndiwo unakhala maziko a filimu ya mu 2005 yotchedwa Screaming Queens.

Zimene anasimba zinaposa za usiku umodziwo. Anafotokoza kuti Tenderloin linali dera lokhalo kumene eni mahotela ang'onoang'ono ankawalola kuchita lendi, kuti mabwana ankawakana ntchito chifukwa ziphaso zawo sizinkagwirizana ndi maonekedwe awo, ndipo kuti ambiri ankapeza chakudya pogulitsa thupi mumsewu, kumene apolisi ankawagwira nthawi iliyonse imene afuna. Ngakhale mabala a amuna okondana okhaokha ankawathamangitsa poopa kukopa apolisi. Compton's inkatsegula usiku wonse, ndipo ndi kapu imodzi ya khofi munthu ankatha kukhala pansi, kupumitsa miyendo, ndi kuona kuti mnzake wapulumuka usikuwo. Oyang'anira malowo atayamba kuitana apolisi kuti aziwachotsa, usiku wina wapolisi anagwira mmodzi wa iwo pamkono, ndipo iye anamuthira khofi kumaso. Mbale ndi zotengera shuga zinayamba kuuluka, magalasi a mawindo anasweka, galimoto ya apolisi inaphwanyidwa, ndipo kanyumba kogulitsira manyuzipepala kanatenthedwa. Izi zinachitika zaka zitatu Stonewall isanachitike. Pakati pa amene anafunsidwa panalinso wapolisi wopuma ntchito, Elliot Blackstone, amene ankalumikizitsa apolisi ndi anthu a m'deralo, ndipo anathandiza pa ntchito ya ofesi yaulangizi ya National Transsexual Counseling Unit imene inayamba mu 1968. Pakanapanda okalamba ochepa amenewa kukhala pansi n'kuyankhula, chochitika chonsechi chikanatsala pa kapepala kamodzi m'bokosi. Mu 2017 mzinda wa San Francisco unavomereza mbali ina ya deralo kukhala chigawo cha chikhalidwe ndi mbiri ya anthu a transgender.

Ife amene mbiri ya mafumu, ya mabanja ndi ya maulendo a makolo athu inasungidwa pakamwa pa agogo tikudziwa kuti umboni wotere ndi wamtengo wapatali, komanso tikudziwa kuti munthu akamasimba nkhani imodzi kwa zaka zambiri, nkhaniyo imasintha. Zimenezi zimaoneka bwino pa moyo wa Sylvia Rivera. Anabadwira ku New York mu 1951, bambo ake anali a ku Puerto Rico ndipo mayi ake anali ochokera m'banja la ku Venezuela. Mayiwo anamwalira iye ali ndi zaka zitatu, analeredwa ndi agogo ake, ndipo anathawa pakhomo ali ndi zaka pafupifupi 11 n'kuyamba kukhala m'misewu ya ku Times Square. Rivera ankanena kuti analipo ku Stonewall usiku woyamba, koma kafotokozedwe kake kankasiyana pa macheza osiyanasiyana, ndipo katswiri wa mbiri David Carter, atayerekeza maumboni ambiri, anakayikira ngati analipodi. Akatswiri sagwirizana pa nkhaniyi. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti mkangano wa usiku umodzi umaphimba ntchito imene ilibe wokayikira.

Ntchitoyo ndi iyi. Mu 1970 Rivera ndi Marsha P. Johnson anayambitsa gulu lothandiza anzawo okhala mumsewu lotchedwa STAR (Street Transvestite Action Revolutionaries), ndipo anapeza nyumba yowonongeka pa East 2nd Street kumene ankagoneka achinyamata othamangitsidwa kwawo. Lendi ankalipira ndi ndalama zimene iwo eni ankapeza mumsewu, n'cholinga choti anawo asapite kumsewuko. Nyumbayo inawathera mu 1971 atatulutsidwamo. Pa nthawi yomweyo Rivera ankasonkhanitsa masiginecha ochirikiza lamulo loteteza ufulu wa amuna ndi akazi okondana okhaokha mumzinda wa New York, koma atsogoleri a ntchito yochirikiza lamulolo anavomera kuchotsamo mbali yoteteza anthu onga iye, poganiza kuti lamulolo lidutsa msanga. Silinadutse mpaka 1986. Pa msonkhano wa amuna ndi akazi okondana okhaokha wa mu Juni 1973 ku Washington Square Park, Rivera analimbana kuti afike pa maikolofoni khamu likumukuwiza, ndipo anawakumbutsa za anzawo amene anali m'ndende, amene makalata awo opempha thandizo ankafika ku STAR, komanso kuti iye anamenyedwa, anamangidwa, anataya ntchito ndi nyumba chifukwa cha ufulu womwewo. Pambuyo pa tsikulo anasiya ntchito yomenyera ufuluyi kwa zaka pafupifupi 20.

Pano mbiri yapakamwa inachita chinthu chimene vidiyo ya tsikulo sikanatha kuchita. Mmodzi mwa amene anatsutsana ndi Rivera pa msonkhanowo anali Jean O'Leary, mtsogoleri wa gulu la akazi okondana okhaokha. Eric Marcus atacheza naye patapita zaka zambiri, O'Leary anavomera kuti akakumbukira zimenezo amachita manyazi, ndipo anadzifunsa kuti zinatheka bwanji kuti azisala anthu amenewa pa nthawi imene iye mwini ankadandaula kuti magulu omenyera ufulu wa amayi akusala akazi onga iye. Kulapa kotereku sikupezeka m'maminitsi a misonkhano.

Marcus anajambula anthu pafupifupi 100 ndipo buku lake linatuluka mu 1992. Makasetiwo anakawasungitsa ku laibulale ya New York Public Library, ndipo mu 2016 anayamba kuwaulutsa pa intaneti m'pulogalamu yotchedwa Making Gay History, imene gawo lake loyamba linali mawu a Sylvia Rivera. Nawonso anthu a transgender eni ake anayamba kugwira maikolofoni. Ku yunivesite ya Minnesota, Andrea Jenkins anayamba mu 2015 kujambula anthu a transgender a m'chigawo chimenecho, iye asanasankhidwe kukhala khansala wa mzinda wa Minneapolis mu 2017, ndipo ku New York kuli ntchito yofanana nayo imene macheza ake aliyense angawamvere kwaulere. Kuno kum'mwera kwa Africa, GALA, nkhokwe yosunga mbiri ya amuna ndi akazi okondana okhaokha ndi anthu a transgender, inakhazikitsidwa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg mu 1997, ndipo mu 2009, mogwirizana ndi bungwe la Gender DynamiX la ku Cape Town, inatulutsa buku la mbiri za anthu a transgender a ku South Africa zosimbidwa ndi eni ake.

Vuto lolembedwa ndi ena silachilendo kwa ife. Pamene Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anamangidwa ku Blantyre mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe, n'kugamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, Pulezidenti Bingu wa Mutharika asanawakhululukire mwezi womwewo, manyuzipepala a padziko lonse, otsutsa ndi ochirikiza omwe, analemba kuti anali amuna awiri okondana. Tiwonge mwiniwake ankanena kuti ndi mkazi, ndipo anthu omudziwa ankamutcha Anti Tiwo. Mawu akewo anamveka bwino patapita nthawi, atathawira ku Cape Town, pamene mtolankhani wa ku South Africa Mark Gevisser anakhala naye pansi kangapo n'kumumvetsera.

Marsha P. Johnson sanakhale nthawi yaitali pambuyo pa macheza a ku Hoboken aja. Mtembo wake unapezeka mumtsinje wa Hudson pa 6 Julayi 1992. Apolisi anafulumira kunena kuti anadzipha, anzake anakana, ndipo mlanduwo unatsegulidwanso mu 2012. Rivera, amene Marcus anamupeza mu Disembala 1989 akukhala moyo wachete ku North Tarrytown, anabwerera ku New York pambuyo pa imfa ya mnzakeyo. Kwa kanthawi anagona m'zisakasa m'mphepete mwa mtsinje womwewo pamodzi ndi ena osowa pokhala, akulimbana ndi vuto la mowa, kenako anapeza malo m'nyumba ya Transy House ku Brooklyn ndipo anayambiranso ntchito yake. Nkhondo yake yomaliza inali yofanana ndi yoyamba ija: boma la chigawo cha New York linali kukonza lamulo loletsa kusala anthu chifukwa cha amene amakondana naye, ndipo anthu a transgender anali atasiyidwanso kunja. Ali gone m'chipatala cha St. Vincent's ndi khansa ya m'chiwindi, anaitana atsogoleri a bungwe limene linkatsogolera lamulolo kuti abwere pambali pa bedi lake adzakambirane. Anamwalira pa 19 Febuluwale 2002 ali ndi zaka 50. Lamulolo linadutsa mu Disembala chaka chomwecho popanda mbali imene ankapempha, ndipo mbaliyo inadzakhala lamulo la chigawocho mu Januwale 2019.